Dziko Silinazirale, Rozina

Kwa Kadewere
Lachinayi, dzuwa litapendeka

Rozina mwana wanga,

Ndakhala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa khola la mbuzi, pepala lili palichero, pensulo ndachita kubwereka kwa aphunzitsi. Iwe watsikiranso kumtsinje. Ndakuona ukupita mtsuko uli pamutu, chonsecho madzi m'nyumba muno ali tho, ndiye tonse awiri tikudziwa kuti sukupitira madzi. Mawa sitima ya ku Chiromo ikudzera pa Luchenza. Amuna ako a Damiyano amanga kale mphasa ndi bokosi, ntchito ya panjanji ikuwadikira, koma iwe m'mawa uno, ukukoleza moto, wandiuza osandiyang'ana kuti, "Amayi, ine sindipita. Apite okha." Ndikati ndikuyankhe pakamwa umatembenukira kukhoma, n'chifukwa chake ndati ndilembe. Zilembo zanga n'zopindika ngati makoko a nandolo, koma uziwerenga basi, sindinakutumize kusukulu kuti uzikangoimba nyimbo.

Chimene chikukugwira mwendo ndikuchidziwa. Mwana wako woyamba anabwera ali chete, osalira n'kamodzi komwe. Kumanda a kumishoni sakanalowa poti sanabatizidwe, ndiye ife ntchembere tinakamuika pagombe la kamtsinje kathu, pa dothi lonyowa, monga timachitira ndi mtayo kuti mimba ya mayi isaume. Tinakuuza kuti mtayo saulira mokweza, ndipo sunalire. Kenaka inadza mvula ija ya masiku ambiri, madzi anatsika ofiira atanyamula nthochi ndi zitsa, n'kugumula gombe lonse pamodzi ndi kamkuyu kamene unkazindikirira malowo. Kuyambira pamenepo umapita tsiku lililonse kukaima pamene palibenso kanthu. Ukuti ukachoka umusiya yekha. Ndakumva, mwana wanga, ndipo mtima ukundiwawa kuposa mmene ukuganizira. Koma ukatsala, utsala ndi gombe logumuka, ndipo mwamuna wofatsa uja adzatopa kukulembera makalata osayankhidwa. Ndataya mdzukulu, sindikufuna kutayanso iwe ukuyenda ndi miyendo yako.

Ine si wansembe, ndine woumba mbiya. Zimene ndikudziwa ndi dothi, moto, ndi kupusa kwanga, kumene ndili nako kokwanira kugawira mudzi wonse. Ndikugawirako pang'ono, uwerenge mpaka kumapeto.

Ndili mtsikana, titangokhazikika kumene kuno kuchokera kuseri kwa Mulanje, amayi anga anandilola kuumba mtsuko wanga woyamba. Unali wopendama khosi, koma kwa ine panalibe mtsuko wina padziko. Tinaotcha mbiya mphepo italeka, n'kuzisiya m'dzenje zitakwiririka ndi phulusa. M'mawa mwake ndinalawirira mame asanaume. Phulusa linali mbuu, lonyowa pamwamba, nkhuku ikupalasa m'mbali mwake mopanda mantha. Ndinati moto watha, n'kupisa dzanja kuti ndione mtsuko wanga. Mfuu imene ndinakuwa inadzutsa agalu a midzi itatu. Amayi anabwera osathamanga, anandiyang'ana dzanja, n'kuti, "Pamwamba pakuuza kuti pazizira, nanga m'katimo unafunsa?" Chipsera chake ndi chija cha padzanja langa lamanja, chimene unkakonda kuseweretsa ukamayamwa. Masiku ano azakhali ako amati, "Rozina wauma mtima, ngakhale msozi umodzi." Ine ndikamva ndimangoyang'ana chipsera changa. Ndikudziwa zimene zili pansi pa phulusa lako, ndipo sindikuuza kuti uzimitse. Mwambo unakuletsa kulira tsiku lija lokha, sunakuletse moyo wonse. Ulire, Rozina, ngakhale m'sitima anthu akuona.

Malemu atate ako atabwera kuchokera ku migodi ya ku Joni anabwera ndi jekete, nsapato zolira, ndi khalidwe lachilendo. Akakhala pakhonde ankakonda kuika chikhatho pansi n'kukhala phee, ngati akumvetsera wina akuyenda kutali. Nditawafunsa anati, "Marita, pansipa n'potentha." Anati chikepe chimatsika nawo mpaka makutu kutsekeka, ndipo akamatsikira pansi kutentha kumanka kukula. Kumeneko kulibe dzuwa, kulibe moto woyatsa munthu, koma mwala ukaugwira ndi wofunda ngati munthu wa malungo, madzi otuluka m'ming'alu ndi oti n'kusamba osatereka. Ine ndinaseka mpaka kugwira nthiti. Ndinati, "Inu, ku Joniko mumamwa chiyani? Chitsime n'chozizira, dzenje la mtapo lotapamo dothi n'lozizira, mtsuko ndikaukwirira pansi madzi amazizira. Kapena munakumba mpaka kwa Satana?" Ndinawaseka pamaso pa alendo, ndinawaseka kutchalitchi pobwerera, iwo osakwiya. Ankangoti, "Iwe wakumba mpaka m'chiuno, ine ndakumba mpaka mawa." Tsiku lina anadzacheza a Simoni a ku Mbulumbuzi, amene anagwirako ntchito mgodi wina, n'kunena zomwezo osapangana. Ndinadya ndiwo zanga nditaweramitsa mutu tsiku limenelo.

Pambuyo pake, atayamba kudwala chifuwa, ndinawafunsa ngati kunali koopsa. Anati koopsa kunali koopsa ndithu, anzawo ena anagwa ndi kutentha osadzukanso. Koma anati nthawi zina, makina akaleka kulira, ankatsamira mwala uja n'kutseka maso. "Kumakhala ngati watsamira chifuwa cha chinthu chamoyo, Marita. Chikupuma pang'onopang'ono, sichikudziwa n'komwe kuti ulipo, koma chikukufunditsa." Ndikukuuza izi chifukwa cha mawu amene unandiuza m'nyengo yachisanu ija, pamene chiperoni chinatsekera phiri. Unati, "Amayi, mwana wanga akumva kuzizira." Tsiku lija sindinakuyankhe. Lero ndikukuyankha ndi mawu a atate ako. Kuzizira kwa nthaka n'kwa pamwamba pokha, kochepa ngati khungu la mbiya. Pansi pake n'pofunda, ndipo panali pofunda ife tisanabadwe. Usaiwalenso ichi, kuti mwamuna akamaika chikhatho pansi osayankhula, sikuti alibe mawu. A Damiyano nawonso anataya mwana, ndipo iwo sitinawalole ngakhale kuona pamene tinamuika.

Tsono imva kupusa kwanga kwakukulu, kumene masisitere a kuchipatala amasimbabe. Ndinkapereka mitsuko ya madzi akumwa kuchipatala cha mishoni, ndipo tsiku lina anandipempha kuti ndisese khonde la wansembe wokalamba wa ndevu zoyera, amene ana ankamutcha Bambo Miyala. Pakhondepo panali miyala yondanda pathabwa, uliwonse ndi kapepala kake. Ine ndinati azungu n'ngodabwitsa, mpaka miyala ya kutchire kuipatsa mayina ngati ana a sukulu. Iwe ukudziwa kuti dothi lonona kwambiri timalisakaniza ndi mapale osinja kapena mwala wonyenyeka, kuti mbiya isaphulike pamoto. Ndinaona umodzi wovunda mbali ina, wothwanima bwino, ndinati uwu wokha ukungotayika pano. Ndinauika m'nsalu, kunyumba n'kuupera pamphero. Patapita milungu ndinabweretsa mitsuko yatsopano, Bambo n'kundiitana.

"Marita, mwala wanga wa ku Mulanje unauona?"

"Ndinauona, Bambo."

"Uli kuti?"

"Uli mumtsuko mukumwera madziwo."

Ndinati lero andichotsa mu mpingo. Koma nkhalamba ija inayang'ana mtsuko, inayang'ana ine, n'kuseka mpaka ndevu kugwedera. Anati, "Ntchito imene mvula ikanaigwira mpaka adzukulu a adzukulu ako, iwe waimaliza Loweruka limodzi." Anandikhazika pansi, odwala akudikira mitsuko yawo, n'kuyamba kundisimbira mbiri ya nthaka imene tikupondayi.

Anati pachiyambi dziko lonse lino linali moto wokhawokha, lofiira ngati chitsulo cha osula makasu, lofewa, loyenderera. Panalibe poponda phazi. Kunalibe Chiradzulu, kunalibe Mulanje, ngakhale dontho la madzi silikanatera pansi, madzi onse anali nthunzi m'mwamba. Linali lopachikika mumdima likunyeka lokha, popanda woliona koma Mwini wake. Kenaka linayamba kuzirala, ndipo linayambira kunja, monga imachitira mbiya. Pamwamba panagwira khungu lakuda, khungu lija n'kusweka, n'kumira, n'kugwiranso lina, mpaka linalimba. Pamenepo nthunzi ija inatsika, inagwa mvula imene sinakate, n'kudzaza malo onse otsika. Koma m'kati simunazirale. Anati mpaka lero moto uja ukutuluka pang'onopang'ono, ndipo ndi umene atate ako anautsamira ku Joni, ndi umenenso umatenthetsa akasupe a ku Liwonde amene anthu amasambako m'nyengo yozizira. Ndinafunsa kuti zinatenga nthawi yotani. Anati nditati ndiwerenge zaka ndi njere za mapira, nkhokwe zonse za kwa Kadewere zingathe ndisanafike pakati. Ndinati, "Nanga Bambo, paja munatiphunzitsa masiku asanu ndi limodzi?" Iwo anati, "Tsiku lako limayamba ndi tambala. Kodi Mulungu ali ndi tambala?" Ndinabwerera kunyumba mutu ukuzungulira, ndinaiwala ndi dengu lomwe.

Kuyambira tsiku limenelo ndikamakulungiza mbiya masana ndimalota ndili maso. Ndimayang'ana phiri la Chiradzulu n'kuliona likufiira, likufewa, mitengo yake ikusanduka utsi, minda ya nandolo ikumira, ine ndili pamphasa panga ndikuyandama pamwamba pa nyanja ya moto koma osapsa. Kenaka mbuzi imalira, phiri n'kubwerera m'malo mwake. Bambo anati phirili silinamere ngati chulu. Linali mwala wosungunuka umene unakwera kuchokera pansi koma sunaboole kunja. Unaima m'kati, utafunditsidwa ndi nthaka yochindikala pamwamba pake, n'kumazirala mosafulumira, ndipo n'chifukwa chake uli wolimba, njere zake zikuluzikulu zooneka ndi maso. Pambuyo pake mvula inayamba kuchotsa chofunda chija, dzinja ndi dzinja, mpaka mwala wolimba unatsala poyera, n'kukhala phiri. Ndiye kuti pamene ndakhala panopa kale panali pansi penipeni, ndipo pamwamba pa mutu wangapa panali nthaka yokhayokha mpaka kumene akuuluka akabawi. Ndikaganiza zimenezi ndimamva ngati ndili m'chipinda chimene denga lake linasasuka kalekale, ndipo sindichita mantha, ndimangomva mtima kutakasuka.

Rozina, mbiya imene waitulutsa pamoto n'kuiika pamphepo imalira kuti the, n'kung'aluka. Imene yazirala pansi pa phulusa, mwa nthawi yake, ndi imene umatungira madzi mpaka kukalamba. Ku Chiromo ukapeza amayi okoma mtima amene akakuuze kuti, "Berekani wina msanga muiwale." Ukawathokoze, ukawapatse mpando, koma mawu awowo usakawatenge. Sindikukutumiza kuti ukaiwale. Palibe amene akukuwerengera masiku, ndipo a Damiyano akakufulumiza ukawauze kuti apongozi awo aletsa. Amandiopa mokwanira, akamva.

Uli wakhanda wokwawa kunachita chivomezi m'mawa wina, ine nditayanika mbiya zaziwisi pakhonde. Pansi panayamba kulira ngati ngolo ikudza kutali, nkhuku zinabalalika, denga linagwetsa fumbi. Ukudziwa chimene mayi ako anachita? Ndinathamangira mbiya. Ndinakumbatira nkhali yaikulu ndi manja onse awiri, n'kumaiuza kuti isagwe, iwe uli pabwalo wekha ukuseka, poganiza kuti dziko likukuvinitsa. Atate ako ndi amene anakutola, ndipo anandinena nazo mpaka imfa yawo. Nkhaliyo inang'aluka ndithu, ndi zala zanga zomwe, poti ndinaifinya kwambiri. Zimene manja anga anaphunzira tsiku limenelo n'zoti pansi pakagwedezeka uyambe wayang'ana wamoyo amene ali pafupi nawe. Panopa wamoyo wakoyo wakhala pabokosi kuseri kwa nyumba, akusoka lamba wosaduka n'komwe, pofuna kuti manja akhale ndi chochita.

Nditawafunsa Bambo za chivomezi anati ndi dziko limene likudziwongola, poti m'kati mukadali mofewa ndipo khungu lake silinakhazikike. Anati kalekale linang'aluka ming'alu iwiri italiitali, ndipo nthaka ya pakati pake inatitimira pang'onopang'ono, chivomezi ndi chivomezi. Malo otitimirawo ndiwo chigwa cha Shire kumene ukupita. Mawa sitima ikamakhotakhota potsika mapiri, uyang'ane pazenera, udziwe kuti ukutsika m'mbali mwa mng'alu wa mbiya yaikulu. Usaope, mng'aluwo ndi wakale kuposa anthu, ndipo anthu akhalamo n'kuberekeramo ana osawerengeka.

Koma kutentha kwa kumeneko si kwa moto wa pansi ayi, ndi dzuwa basi, poti n'kotsika ndipo mphepo ya kuphiri siifika. Ndiye imva za nzeru wamba. Ntchito zako uzigwira m'mawa, masana uzikhala pamthunzi osachita manyazi, kumeneko si ulesi. Mtsuko wa madzi akumwa uziukwirira theka m'mchenga wonyowa. Ndakuikira uja wa mizere itatu pakhosi, usaupereke kwa munthu ngakhale atausirira bwanji. Udzudzu wa kumeneko akuti umaboola ndi bulangete lomwe, ndiye masikito amene anakupatsa masisitere uzigonamo, usasandutse ukonde wa matemba monga anachitira msuweni wako. Potunga madzi uziima pamene aima eni dera, ng'ona siidziwa kuti ndiwe mlendo. Chiyankhulo chawo chikakuseketsa uzisekera m'mimba, poti chathuchi nachonso chimawaseketsa. Nsomba uzidya. Ndikudziwa umati zimanunkha, koma waonda, khosi lako latsala ngati la mtsuko wanga woyamba.

Katsala kamodzi, ndipo aka ndi kamene ndatengera pensulo.

Atate ako atamwalira, kumunda kwathu kwa kumtunda kunayamba kangalande kakang'ono, koti mwana n'kudumpha. Ndinati munda uwu anautsegula ndi manja awo, sindilola kuti madzi andibere. Ndinatuta miyala pamutu, ndinaika zitsa, ndinabzala nthochi ndi nsenjere. Pena ndinapambana, ndipo uzichita zimenezi kulikonse ukalime, poti munda ndi wofunika kuusamala. Koma mvula ikagwa yaikulu ndinkaima m'mbali mwa ngalandeyo, nsalu ili chonyowa, kuyang'ana dothi lathu lofiira likupita, n'kumatukwana mtsinje kuti ndi mbala. Ndinkaona ngati chilichonse chimene madzi atenga chatha, chalowa m'dzenje lopanda pansi. Zaka zonsezi ndakhala ndikuumba dothi, ndikudziwa kuti dothi la mtapo ndi mwala wa m'phiri umene unavunda, madzi n'kuutsitsira kudambo kumene ndimakatapa. Ndinkadziwa kumene limachokera. Koma kufunsa kumene limapita likadutsa pa dambo lathu, mutu wanga wa phalewu sunaganizepo.

Dzulo madzulo ndikupeta nandolo ndinamva munthu akutsokomola kuseri kwa nkhokwe. Anali amuna ako. Ukudziwa mkamwini ndi mpongozi sayang'anana, ndiye iwo anakhala mbali yawo atafulatira, ine mbali yanga, nkhokwe ili pakati ngati mboni.

"Amayi, ndili ndi mawu, koma kwa Rozina akundikanika kutuluka."

"Nenani, bambo, nkhokweyi siulula."

"Paja ndinapita ku Chiromo kukaona ntchito mvula ili m'kati. Pamenepo pamakumana mitsinje iwiri, Shire ndi Ruo. Shire amabwera ndi madzi ake, koma Ruo amabwera wofiira, ofiira ngati munda wanu wa kumtunda. Ndinafunsa anzanga a panjanji kuti dothi limeneli likuchokera kuti. Anati kumapiri kwanu komweko. Kamtsinje kathu kamathira mumtsinje waukulu, waukuluwo mu Thuchila, Thuchila mu Ruo. Madzi akafika kuchigwa amatopa, amayala matope m'madimba, ndipo anthu amabzalamo chimanga chilimwe popanda mvula."

Ndinamva akuthyola kamtengo. Kenaka anati, "Ndinakaima pamenepo, amayi. Ndinavula chipewa. Anzanga ankati dzuwa landizunguza mutu."

Lichero linandigwa m'manja, nandolo n'kumwazika, nkhuku zinadya bwino dzulo. Mwamuna ameneyu wasunga mawu amenewa miyezi yonseyi, kuopa kuti akakuuza udzati akukunyengerera kuti ukwere sitima. Ine sindiopa, ndine mayi ako, ukhoza kundikwiyira mmene ungafunire.

Rozina, pamene umakaima paja palibe munthu. Gombe lija silinathe, linasamuka. Linatsika ndi madzi, linadutsa midzi imene iwe sunaionepo, linagona pamchenga wina, mvula ina n'kulidzutsanso, ndipo njira yake ndi imodzi yokha, yomwe sitima ikudzera mawa. Sindikukunamiza kuti ukapeza kamkuyu kaja kapena malo oti n'kuloza ndi chala. Za mzimu wake mwini ndi Mulungu, amene sanafunse wansembe pomuumba m'mimba mwako. Koma thupi lake laling'ono lija linasanduka dothi la kwathu, ndipo dothi la kwathu likupita ku Chiromo. Lakhala likupita chiyambire pamene phiri linavundukuka. Bambo Miyala ankati m'zigwa zotere matope amasanjikana, chaka pamwamba pa chaka, apansi n'kumatsikira kofunda kuja mpaka kulimbanso kukhala mwala. Ndikatseka maso ndimamuona ali m'dimba la munthu wosamudziwa, pansi pa chimanga chobiriwira pakati pa chilimwe, pamalo pamene chiperoni sichifika. Ukuti ukapita umusiya yekha. Mwana wanga, iye anatsogola, amene watsalira ndiwe.

Usaganize kuti ndikukuthamangitsa mokondwa. Kwathu kuno mwana wamkazi sachoka, mwamuna ndiye amabwera, ndipo ine ndinkati ndidzakalamba ndikumva mtondo wako kuseri kwa nyumba yanga. Malume ako atavomera za chitengwa ndinakhala masiku osawayankhula. Mawa ndikabwerako kokuperekeza ndidzalowa m'nyumba mwako mopanda kanthu, ndidzakhala pansi, ndipo ndidzalira mmene ndingafunire, pasapezeke wondiletsa. Koma kulira mwana amene wapita ndi mwamuna wake n'kopepuka kusiyana ndi kuyang'ana mwana akuuma pagombe tsiku ndi tsiku ine ndikusenda chinangwa.

Ukakafika, ukapume kaye. Tsiku lina m'mawa ukawauze a Damiyano akakuonetse pamene anavula chipewa. Mukapite awiri. Ukatape dothi la pamenepo, ukalifinye m'manja, ukalilawe kunsonga ya lilime monga ndinakuphunzitsira, ukaone ngati sukalizindikira. Likakhala lonona kwambiri ukasakanize ndi mapale, ukaumbe kanthu kakang'ono, ngakhale kambale ka mchere. Ndipo dzinja likadzafika, ukadzaona Ruo wafiira, udziwe kuti kwathu kwagwa mvula, ndipo ndi munda wa mayi ako umene ukubwera kudzakuona. Ndizidzaima pangalande paja osatukwananso. Tsiku lina, Mulungu akadzandiitana, mvula ikadzagwira ntchito yake mosafulumira, nanenso ndidzatsika njira yomweyo, ndidzakupezani nonse kumeneko.

Tambala woyamba ndidzakudzutsa. Uvale nsalu ya buluu ija, ya sitima ndi imeneyo.

Ndine mayi ako wokuumba,
Marita